Narnia: kupitiriza pomwe anasiyira kapena kuyambiranso?

C.S. Lewis anatulutsa mabuku 7 onena za Narnia, dziko la m'nthano, pakati pa 1950 ndi 1956, koma a kampani ya Walden Media anapanga mafilimu atatu okha: mu 2005, 2008 ndi 2010. Wachinayi, The Silver Chair, anakambidwa kwa zaka zingapo koma sanatuluke. Mu 2018 Netflix inagula ufulu wopanga mafilimu kuchokera m'mabuku onse, ndipo ife okonda nkhaniyi tinagawikana pawiri.

Ena akufuna kupitiriza pomwe anasiyira. Ndikuwamvetsa ndithu. Nanenso ndimakumbukira Lucy, kamtsikana ka mufilimu yoyamba, akukankha majasi m'kabati muja, mpaka phazi lake n'kuponda chipale, nyali ikuwala pakati pa mitengo. Nkhope imeneyo sichoka m'maso. Vuto ndi nthawi. Will Poulter, yemwe anasewera Eustace mu 2010, anabadwa mu 1993. Lero ndi bambo wamkulu, pomwe m'buku lotsatira Eustace akadali mwana wa sukulu. Mukasintha osewera onse, mwapitiriza chiyani?

Kuyambiranso kuli ndi ululu wake: nyimbo zomwe tinazolowera zipita, Aslan, mkango wolankhula wa m'nkhaniyi, alankhula ndi mawu ena. Komabe kumatsegula khomo la mabuku anayi omwe sanafikepo pa sinema, kuphatikizapo The Magician's Nephew, lofotokoza mmene dzikolo linalengedwera.

Ine mtima wanga uli kumeneko. Chomwe ndikupempha n'chakuti ulendo uno asatisiyenso panjira, afike nafe mpaka buku lomaliza.