Senga Bay, Cape Maclear kapena Nkhata Bay: kunyanja kwake kuti?

Okutobala akangolowa, kutentha n'kufika poti usiku chofunda chimathawidwa, m'magulu apabanja a pa WhatsApp mumabuka nkhani imodzi: pa 15, tsiku la anakubala, tikawasambitse amayi kunyanja. Apa palibe amatsutsa. Phokoso limayamba wina akafunsa kuti kunyanja kwake kuti. Malo atatu amene amatchulidwa kwambiri ndinawapondako onse, ndipo chimene ndaona n'chakuti ambiri obwerako akudandaula sanapite malo oipa ayi. Anapita ndi masiku osakwana, kapena anatenga munthu amene malowo samuyenera.

Msewu ndiye woweruza woyamba. Kwa wochokera ku Lilongwe, Senga Bay ili pakhomo penipeni. Mumayenda makilomita pafupifupi 100 pa M14 kukafika pa Kamuzu Road ku Salima, n'kuwonjezera ena ngati 20 kuti muponde mchenga. Mukalawirira, tiyi mumakamwera m'mbali mwa madzi, madzulo n'kudzagona pakama panu. Wopanda galimoto savutikanso: minibasi za ku Salima sizisowa, ndipo kuchoka pa boma kupita kunyanja kuli matakisi ndi akabaza.

Cape Maclear ndi nkhani ina. Kuchokera ku Lilongwe mumadutsa Dedza, kukhota pa Masasa n'kuyamba kutsika Khwekhwelere mpaka pa Golomoti, kenako M10 yolowera ku Monkey Bay. A ku Blantyre amadzera Zomba, Liwonde ndi Mangochi, makilomita ngati 250. Mutatsala pang'ono kulowa Monkey Bay pali mphambano, ndipo pamenepo pamatsala makilomita ena pafupifupi 18 okhotakhota m'mapiri, anyani ali tong'o m'mbali mwa msewu ngati akudikira malipiro. Ine ndinayesapo kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo, ana atatu ali kumbuyo. Tinafika dzuwa litapendeka kale, tinadya mothamanga, ana anangonyowetsa miyendo, ndipo Khwekhwelere tinamukwera mumdima, aliyense ali duu. Sindidzabwerezanso. Ku Cape Maclear osagona masiku awiri ndi kutaya mafuta.

Nkhata Bay ndiye musayerekeze dala. Lilongwe mpaka Mzuzu ndi makilomita opitirira 350 kudzera Kasungu, Jenda ndi Chikangawa, n'kutsetserekanso ena pafupifupi 50. Ena amakonda M5 ya m'mbali mwa nyanja, yodutsa Nkhotakota, Dwangwa ndi Chintheche. Imeneyi ndi yokoma m'maso, makamaka mukalowa m'munda wa mitengo ya rabala wa Vizara, pomwe anyamata amagulitsa mipira yopota okha, koma funsani kaye amene adutsako posachedwa, chifukwa mvula ikavuta milatho ya msewu umenewu ndiyo imayamba kugonja. Tsiku lathunthu kupita, tsiku lathunthu kubwera. Kwa a ku Mzuzu zonsezi zimatembenuka: Nkhata Bay ndiye Salima wawo.

Tsono madzi enieniwo, poti ndi amene tikupitira.

Ku Senga Bay gombe ndi lotambalala, mchenga wambiri, ndipo m'malo ambiri madzi amazama pang'onopang'ono. Mwana akhoza kuseweretsa mafunde, agogo atakhala pampando miyendo ili m'madzi. Koma gombelo layang'ana nyanja yotseguka, choncho mphepo ikawomba mafunde amakula ndipo madzi amavunduka. Nsomba zokongola zija zimene mumaziona pazithunzi simungazione mutaima pagombe. Pamafunika boti lopita pa kachilumba ka Namalenje, kamene azungu amakatcha Lizard Island chifukwa cha ng'azi zake, kapena kuzilumba za Maleri zimene zili patali ndithu.

Ku Cape Maclear madzi ndi ena. Zilumba za Thumbi ndi Domwe zimatchinga mphepo, ndiye nyanja imakhala bata nthawi zambiri, yoyera moti mwala wapansi umaoneka ngati uli m'beseni. Pano ndi pakati pa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Chifukwa chake ndi mbuna, tinsomba tam'miyala tamitundu mazanamazana timene kwina kulikonse padziko kulibe. Boti likakufikitsani pa Thumbi, mphindi zochepa chabe kuchokera pagombe, amakupatsani galasi la kumaso ndi kapaipi kopumira. Mukangoviika nkhope, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere tonse tili piringupiringu pamphuno panu. Ndinaona bambo wina wamkulu, amene m'boti anali atanenetsa kuti iye nsomba amaidziwira m'mbale basi, akukana kutuluka m'madzi mpaka mkazi wake anachita kumukalipira. Pobwerera woyendetsa boti amaimba likhweru n'kuponya nsomba m'mwamba, nkhwazi n'kuchoka mumtengo kudzaiwakha pamadzi. Wosatha kusambira apite ku Otter Point, kumene mbuna zimaoneka munthu ataima pamwala. Pali ndalama yolowera m'paki, koma Mmalawi amalipira yochepa poyerekeza ndi mlendo wakunja, ndiye chiphaso chanu chisatsale.

Chimene otsatsa malonda sanena n'chakuti gombe la Cape Maclear ndi la mudzi wa Chembe, mudzi waukulu wa asodzi, ndipo malo ogona alendo ali m'kati mwa mudziwo. M'mawa amayi akuchapa ndi kutsuka mapoto, ana akusambira, usipa uli pathandala, asodzi akusoka ukonde wa chilimira. Usiku nyali za asodzi zimandandalika panyanja ngati tauni ina yamera pamadzi. Ine zimenezi ndi zimene ndimapitira. Koma ngati mukufuna gombe la inu nokha, lopanda fungo la usipa ndi anyamata okutsatirani ndi mikanda ndi maboti, mudzakhumudwa, ndipo kuli bwino mungoima ku Nkopola kapena malo ena a m'mbali mwa msewu wa Mangochi.

Nkhata Bay ilibe mchenga wochuluka. Phiri limatsika mpaka kukamwa madzi, ndipo ukachoka pamwala masitepe awiri wazama kale. Si zodabwitsa, poti kumpoto kwa kuno ndi kumene nyanja yathu inazama kwambiri, mamita pafupifupi 700. Madzi ake ndi obiriwira, ozizirira, okoma kwa wodziwa kusambira ndi wofuna kuphunzira kumira ndi mabotolo a mpweya. Kwa mwana wa zaka zinayi ndi malo oti diso lisachoke pa iye. Mchenga ulipo ku Chikale, ulendo wapansi kuchoka pa boma, ndipo wofuna mchenga woyera wautali apitirire ku Chintheche kapena Kande. China chimene sindinachiganizire ulendo woyamba ndi masitepe. Malo ambiri ogona anamangidwa paphedi, chipinda pamwamba, chakudya pansi, madzi pansi penipeni. Azakhali anga, amene mawondo anayamba kale kuwavuta, anatsika kamodzi n'kulengeza kuti nyanja aionera pakhonde.

Pali kanthu kena kamene ambiri amakazindikira atafika kale. Senga Bay ndi Nkhata Bay zinayang'ana kum'mawa: dzuwa limatuluka m'madzi, kulowa limakalowera kumtunda kuseri kwanu. Cape Maclear inayang'ana chakumadzulo, ndiye dzuwa limamira m'nyanja muli chikhalire, chakumwa chili m'manja. Ngati ndinu wa tulo tam'mawa koma mukufuna chithunzi cha nyanja yofiira, mwadziwa kopita.

Pa chakudya sindichedwapo, chifukwa chambo, kampango ndi usipa zili konse. Kungoti chambo chenicheni chinachepa m'nyanja, ndipo si nsomba iliyonse yotchedwa chambo pa menyu imene ndi chambo. Ku Senga Bay ndi ku Chembe mukhoza kugula nsomba pagombe m'mawa n'kupempha kuti akuwotchereni. Nkhata Bay imapambana ndi mbale imodzi: kondowole wa nsomba ya batala. Kondowole woyamba amakakamira m'zala ndi kukhosi, wachiwiri mumachita kuitanitsa nokha. Mukakhuta nenani kuti yewo, mwayamba Chitonga.

Okonda mbiri, Senga Bay ilibe zambiri zokupatsani, kupatula hotela yakale ya Livingstonia Beach imene inamangidwa nthawi ya atsamunda. Dzina limeneli limasokoneza anthu, chifukwa Livingstonia yoyamba inali ku Cape Maclear. Amishoni a ku Scotland, mmodzi mwa iwo Dr Robert Laws, anafika kumeneko mu 1875 pa sitima yaing'ono yotchedwa Ilala. Malungo anawatha. Pofika 1881 anali ataika anzawo angapo m'manda, wobatizidwa ali mmodzi yekha, Albert Namalambe, ndipo anasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe mu 1894. Mandawo alipo mpaka lero m'munsi mwa phiri, pafupi ndi chipata cha paki. Dzina loti Maclear analipereka ndi David Livingstone pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Eni malo amangoti ku Chembe.

Mbiri ya Nkhata Bay ndi yathu yeniyeni, ndipo ndi yowawa. Pa 3 Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza lamulo ladzidzidzi, anthu anasonkhana padoko kufuna abale awo amene anatsekeredwa mu sitima ya Mpasa. Asilikali anawombera, ndipo anthu osachepera 20 anafera pomwepo. Tsiku la Martyrs limene timapuma chaka chilichonse likukumbukira anthu ngati amenewa, ndipo chipilala chawo chili pa boma pomwepo. Ndi bwino ana akaone kuti holide ija inachokera pati.

Doko lomwelo ndi limene limapatsa Nkhata Bay mwayi umene enawa alibe. Ilala ya masiku ano, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, imaima pano popita ku Usisya, Ruarwe ndi Chilumba, komanso polowera ku Chizumulu ndi Likoma, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903. Tsiku la sitima tauni yonse imasanduka msika: matumba a ufa, malata, njinga, nkhuku, mabanja olandira ndi operekeza. Ngakhale musakwere, kaimeni padoko muone. Mukafuna kukwera, funsani tsiku ndi nthawi kwa anthu apadoko sabata yomweyo, ndipo musaike ulendo wa sitima kumapeto kwa tchuthi pamene Lolemba mukufunika kuntchito. A ku Cape Maclear sitimayi amaipeza ku Monkey Bay, kumene ndi kwawo kwake.

Za m'thumba sinditchula mitengo, poti mtengo wa lero mawa ndi mbiri. Chimene sichisintha ndi kagawidwe kake. Ku Senga Bay ndalama yaikulu mumaipulumutsa posagona: mumalipira polowa pagombe la hotela kapena loji, ena amalola kubwera ndi chakudya chanu, ena ayi, ndiye imbani foni musananyamule mapoto. Ku Cape Maclear malo ogona alipo a thumba lililonse, kuyambira pokhoma tenti mpaka zipinda zapamwamba, koma ndalama imathera pa boti. Gwirizanani mtengo musanakwere, mumve ngati chakudya ndi magalasi zili momwemo, ndipo muone majekete opulumutsa moyo ndi maso anu. Tengani ndalama yapamanja yokwanira muli ku Mangochi kapena ku Dedza. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma netiweki ikagwa woyendetsa boti sadya malonjezo. Ku Nkhata Bay chokudyerani ndalama ndi msewu. Mukafika, moyo ndi wotsikirapo, ndipo mabanki ali pa boma pomwepo.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, ndipo asodzi akakuuzani kuti lero sitilowa, musakakamire boti chifukwa choti mwalipira kale. Mwera umazunza kwambiri gombe lotseguka ngati la Senga Bay kusiyana ndi Chembe. Seputembala mpaka Novembala nyanja imagona, madzi amayera, koma ku Salima ndi ku Mangochi kumatentha koti nsapato zisachoke kuphazi pamchenga masana. Nkhata Bay imalandira mvula yambiri kuposa enawa, n'chifukwa chake ndi yobiriwira chaka chonse. Kumbukiraninso kuti nyanja imakwera ndi kutsika: mu 2024 inadzaza mpaka kumiza magombe ndi zipinda m'malo ambiri ku Mangochi ndi ku Salima, choncho chithunzi cha pa Facebook chikhoza kukhala cha gombe limene pano lili pansi pa madzi. Pemphani chithunzi cha sabata ino.

Likodzo lisabisidwe. Limafala kudzera mu nkhono za m'madzi osaya, odekha, a udzu ndi bango, pafupi ndi pamene anthu ambiri amasamba. Gombe la Chembe limadziwika nalo, koma palibe mwa malo atatuwa amene ndingalumbire kuti mulibe. Sambirani kumiyala kapena kuzilumba kusiyana ndi m'mabango, ndipo pakatha miyezi iwiri mutabwerako pitani kuchipatala mukafotokoze kuti munali kunyanja. Mankhwala ake, praziquantel, ndi odziwika. Neti ya udzudzu ndi ya konse.

Mukandipanikiza kuti nditchule amodzi, ine ndi wa ku Chembe, chifukwa cha mbuna zija ndi dzuwa lomira m'madzi, malinga ndikhale ndi masiku atatu. Nkhata Bay ndimaisungira ulendo wa anzanga odziwa kusambira, wopanda ana, sabata yathunthu, mwina n'kuwolokera ku Likoma. Koma ulendo wa pa 15 uja si wanga, ndi wa amayi, ndipo iwo ananena kale kuti masitepe sakuwafuna, Khwekhwelere amawachititsa chizungulire, ndipo usiku akufuna kudzagona kwawo. Ndiye tikupita ku Senga Bay. Tangogwirizana kuti tidzapite Loweruka lotsatira, chifukwa pa 15 penipeni Lilongwe yense amakhala ali pamchenga womwewo, masipika ali pamwamba, ndipo pofuna poyala mkeka mumachita kupempha.