Ndemanga ya lesitilanti ya Auyghur ku London, kumene tinakamasulira swaumu

Ine ndi mayi a kunyumba tadyako katatu kumpoto kwa London pa lesitilanti ina yaing'ono ya Auyghur, mtundu wa anthu achisilamu ochokera ku China, ndipo ulendo womaliza tinatenga ana athu awiri kukamasula swaumu m'masiku khumi otsiriza a Ramadan. Kwathu ndi ku Mangochi, ndipo chimene chinatifikitsa pamalowa poyamba chinali kufunafuna chakudya cha halal chosiyana ndi chimene tinazolowera. Dzina la malowa sinditchula, ndiponso sindinajambule aliyense wogwira ntchito pamenepo, pa chifukwa chimene ndifotokoze kutsogoloku. Malo ophika chakudya cha mtundu umenewu mu London ndi owerengeka, moti wofuna kupitako sangavutike kuwapeza.

Chakudya chimene ndingalimbikitse aliyense kuyamba nacho ndi laghman. Wophika amakanda ufa wa tirigu, kuupaka mafuta, kenaka n'kumaukoka ndi manja ndi kuumenyetsa pathebulo mpaka utasanduka zingwe zazitali zonga supageti, ndipo pamwamba pake amathirapo nyama ya nkhosa yokazingidwa ndi tomato, anyezi ndi tsabola wobiriwira. Zingwezo zimatafunika bwino, sizikhala phalaphala, ndipo msuzi umazikangamira mpaka pansi pa mbale. Polo, womwe ndi mpunga wophikidwa pamodzi ndi kaloti ndi nyama ya nkhosa, unawakumbutsa mayi a kunyumba mpunga wa pa Eid kwathu, ngakhale kuti uwu ndi wotsekemererako chifukwa cha kaloti. Nyama yootcha pamakala imene iwo amaitcha kawap inali yofewa ndi yonunkhira, ndipo ana anailimbirana. Zolakwika ziliponso. Tinadikira pafupifupi mphindi 40 chakudya chisanabwere, zomwe ndi zowawa kwa munthu amene wasala tsiku lonse. Nkhuku ya m'mbale yaikulu yotchedwa dapanji inali ndi timafupa tambiri ndi tsabola woposa amene ana angapirire. Ndipo matebulo ndi oyandikana kwambiri. Mtengo si wotsika, koma mbale imodzi ya dapanji imakwanira anthu atatu.

Thebulo lathu linali moyang'anana ndi khomo la kukhitchini, ndipo nthawi yodikirayo ndinaithera kuyang'ana bambo wina akudula nyama ndi chimpeni chachikulu. Atamaliza anachitsuka n'kuchiika pashelefu monga achitira wophika aliyense. Kanthu kakang'ono kameneka kanandikhudza chifukwa ndinali nditawerenga za mipeni ya kwawo, ku Xinjiang, chigawo cha kumpoto chakumadzulo kwa China kumene kumakhala Auyghur oposa 11 miliyoni. Mu 2017 atolankhani anapeza kuti ku Aksu, mzinda wa m'chigawochi, munthu wogula mpeni ankayenera kuonetsa chiphaso chake, ndipo wogulitsa ankadinda pa mpeniwo chizindikiro cha QR chosunga mbiri ya mwini wake. M'mabutchala ndi m'malo odyera ambiri mipeni inkamangidwa ndi tcheni pamalo odulirapo. Awa ndi anthu amene tauni yawo ya Yengisar inatchuka kwa zaka mazana ambiri chifukwa cha luso losula mipeni yokongola, ndipo lero wophika kumeneko amagwira chida cha ntchito yake ngati munthu woganiziridwa mlandu.

Ukazonde umenewu sunathere pakhomo la khitchini, unalowa mpaka pamphasa yodyera. Kuyambira 2016 boma la China linakhazikitsa ndondomeko yoti ogwira ntchito m'boma ndi a chipani azikhala ngati achibale a mabanja a Auyghur, ndipo mu December 2017 anthu oposa miliyoni imodzi anatumizidwa kukagona m'nyumba za eni dera kwa sabata yathunthu. Mlendo wotereyu amadya nawo, amagona m'nyumba momwemo, ndipo amalemba ngati wina wapemphera, ngati m'nyumbamo muli Qur'an, kapena ngati mwini nyumba wakana mowa ndi fodya. Ife timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo timamuphera nkhuku mokondwa chifukwa wabwera ndi mtendere. Koma mlendo amene sungamukanize kulowa, amene akuwerenga zimene ukudya kuti akakunenere, wasandutsa ulemu wa pakhomo kukhala msampha. Aphunzitsi, ana asukulu ndi ogwira ntchito m'boma analetsedwa kusala m'mwezi wa Ramadan, malo odyera analamulidwa kukhala otsegula masana, ndipo mu October 2018 akuluakulu a ku Urumqi, likulu la Xinjiang, analengeza nkhondo yolimbana ndi kufala kwa mawu akuti halal. Pamene tinkalandira tende ndi madzi dzuwa litalowa, ndinadziwa kuti chinthu chimene ife tinkachita poyera chapititsa anthu ena kundende.

Mu May 2019 bungwe la Human Rights Watch linafalitsa zimene linapeza litafufuza pulogalamu ya pafoni imene apolisi a ku Xinjiang amagwiritsa ntchito, yolumikizidwa ndi makina aakulu osonkhanitsa mbiri za anthu otchedwa IJOP. Pulogalamuyo inkaika chizindikiro pa munthu chifukwa cha makhalidwe 36, monga kulowera khomo lakumbuyo m'malo mwa lakutsogolo, kusacheza ndi anansi, kugwiritsa ntchito magetsi ambiri, kapena kusonkhetsa ndalama za mzikiti, ndipo WhatsApp inali m'gulu la mapulogalamu okayikitsa. Chaka cha 2017 anthu a zaka 12 mpaka 65 anatengedwa magazi, DNA ndi zithunzi za m'maso, mbali ina kudzera m'ndondomeko yonenedwa kuti ndi yopima thanzi kwaulere. Ambiri mwa amene makinawa anawaloza anatengedwa kupita kumisasa yotsekeramo anthu popanda kuzengedwa mlandu, ndipo mu August 2018 komiti ya United Nations yoona za tsankho inamva kuti otsekeredwawo angafike miliyoni imodzi. Boma la China poyamba linakana kuti misasayo iliko, kenaka linati ndi sukulu zophunzitsa ntchito zamanja pofuna kuthana ndi zauchifwamba, ndipo mu December 2019 linanena kuti ophunzira onse atsiriza maphunziro. Komabe pa 31 August 2022 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inatulutsa lipoti lonena kuti zimene zinachitikazo zingathe kukhala milandu yolakwira mtundu wonse wa anthu. Amene tinakula nthawi imene makadi a chipani ankafunsidwa pakhomo la msika, pamene makolo athu ankatsitsa mawu potchula boma ngakhale m'nyumba mwawo, timaudziwa pang'ono mtundu wa mantha amenewa, koma nthawi imeneyo kunalibe kamera yozindikira nkhope pamphambano iliyonse.

Mkati mwa lesitilantiyi anakongoletsamo bwino, ndipo ndikuyamikira kuti sanachite mokokomeza. Pakhoma pali chida choimbira cha khosi lalitali ndi nsambo ziwiri chotchedwa dutar, tizisoti ta ngodya zinayi totchedwa doppa, ndi nsalu ya atlas ya mitundu yowala. Nyimbo zimaimba chapansipansi, mwa mtundu wa muqam, umene UNESCO inauzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse. Mwana wanga wamkazi atafunsa chifukwa chimene zinthuzi zapachikidwira pamenepo, ndinamuuza za Rahile Dawut, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Xinjiang amene anathera moyo wake kulemba za manda opatulika ndi miyambo ya anthu akwawo. Mayiyu anasowa mu December 2017, ndipo mu 2023 zinatsimikizika kuti anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse, monganso Ilham Tohti, katswiri wa zachuma amene anagamulidwa chimodzimodzi mu 2014. Kafukufuku wa bungwe la ku Australia lotchedwa ASPI, wogwiritsa ntchito zithunzi za m'mlengalenga, anayerekeza mu 2020 kuti mizikiti pafupifupi 16,000 inagwetsedwa kapena kuwonongedwa, ndipo mu 2024 zinadziwika kuti midzi pafupifupi 630 inasinthidwa mayina pofuna kuchotsa mawu okhudza chipembedzo, mbiri ndi chikhalidwe cha Auyghur.

Ogwira ntchito pamalowa ndi aulemu, ofatsa, ndipo anafotokozera ana athu chakudya chilichonse moleza mtima. Pempho langa kwa amene mudzapiteko ndi lakuti musawapanikize ndi mafunso okhudza abale awo, ndiponso musawajambule popanda kupempha. Auyghur ambiri okhala kunja akhala zaka osalankhula ndi makolo awo chifukwa foni yochokera kunja ingathe kumangitsa woilandira, ndipo ena amaimbiridwa ndi apolisi a kwawo kuwauza kuti azipereka mayina ndi zithunzi za anzawo ngati akufuna kuti abale awo akhale pamtendere. N'chifukwa chake ndemanga iyi ilibe dzina kapena nkhope ya munthu. Ndinachita manyazi pang'ono pamene mnyamata wotibweretsera tiyi anafunsa kwathu, pakuti ndinakumbukira kuti pa 6 October 2022, pamene khonsolo ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inkavota ngati nkhani ya Xinjiang ingokambidwa chabe, mayiko 17 anavomera, 19 anakana, ndipo Malawi inali pakati pa mayiko 11 amene sanavotere mbali iliyonse.

Pa chakudya ndi chisamaliro ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo imodziyo ndachotsa chifukwa cha kuchedwa. Mukafuna kupita m'mwezi wa Ramadan sungitsani malo nthawi ilipo, ndipo ngati muli ndi ana pemphani kuti tsabola achepetse. Ife tidzabwererako pa Eid ya nsembe kukalawa samsa, timabanzi ta nyama tootchedwa mu uvuni, tomwe tinapeza titatha maulendo onse atatu.