PS4 yanga yatha miyezi 9 pa Ngabu, ine ndasanduka waganyu wa m'magemu

M'mwezi wa Malichi ndinalemba za PS4 Slim, makina osewerera magemu pa TV, imene ndinagula kwa munthu ku Limbe, yogwiritsidwa kale ntchito, ya 500GB, yokhala ndi mapadi awiri (zija umagwira m'manja posewera) ndi madisiki atatu a magemu. Inali itangotha masabata awiri m'nyumba ndipo ndinaitama ngati mkamwini wobwera kumene. Mnzanga wina wokonza mafoni pa Nchalo anangoti, "Achimwene, dikirani kaye Okutobala, mudzayankhule pambuyo." Okutobala wadutsa, Novembala wadutsa, mvula yayamba, ndiye ndabweranso.

Ndikumbutse pang'ono. Ndili ndi kashopu kometera ndi kutchajira mafoni pa Ngabu, komanso dimba kudambo. Makinawa ndinawagula nditagulitsa mbuzi zinayi, n'cholinga choti anyamata azisewera mpira masana n'kumalipira, ine usiku ndizipumirapo. Mayi akunyumba mpaka lero saitchula dzina lake. Amangoti, "Bambo, zimitsani mbuzi zanuzo, nsima yazizira."

Ndiyambe ndi kutentha, poti ndi kumene aliyense amafunsa. M'kabuku ka makinawa analemba kuti azigwira ntchito pa malo otentha pakati pa madigiri 5 ndi 35. Kuno kuchigwa Okutobala ndi Novembala kupitirira 40 si nkhani yodabwitsa, ndipo m'shopu ya malata yopanda siling'i ngati yanga kumaposa pamenepo. Kuyambira Malichi mpaka Ogasiti inkangong'ung'udza chapansipansi. Chakumapeto kwa Sepitembala fani inayamba kulira ngati njinga yamoto ikukwera mapiri a ku Thabwa, ndipo tsiku lina masana inalemba uthenga woti yatenthedwa kwambiri n'kuzima yokha, anyamata awiri ali pa mapenate. Ndalama zawo ndinabweza.

Mlandu sunali wa makina, unali wanga. Ndinkaisunga m'kabati, komanso m'shopu momwe muli tsitsi. Chivindikiro chapamwamba cha Slim chimachoka popanda kumasula sikuluwu, umangokoka m'makona akutsogolo. Nditatsegula ndinapeza fani itavala chinthu chonga thonje lakuda: fumbi la mumsewu, tinyenyeswa ta tsitsi la makasitomala, ndi mphemvu ziwiri zouma. Ndinapukuta ndi mswachi wakale, koma phokoso linangochepa pang'ono. Mnzanga wa pa Nchalo uja ndiye anaimasula yonse, n'kupemerera fumbi limene linatseka tizitsulo tozizirira, n'kupaka phala latsopano lija amapaka pa purosesa kuti kutentha kuzichoka msanga. Kuchokera apo ili pa thabwa lakelake pamtunda, kumbuyo kwake kulibe chotchinga, ndipo miyezi yotenthayi sindinkaiyatsa pakati pa 11 koloko ndi 4 koloko. Usiku ndimaifunditsa chitenje. Sinazimenso yokha.

Za magetsi ndidula mwachidule. Sola ndinaika kale, chaka chimene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, mu Januwale 2022, pomwe kuzima kwa magetsi kunafika poti shopu ikanatsekedwa. Batire langa limanyamula PS4 ndi TV yaing'ono maola atatu kapena anayi usiku ngati dzuwa linawala bwino, koma pokhapokha nditachotsa mafoni a anthu. Chimene makinawa amadana nacho ndi kuzimiridwa mwadzidzidzi. Ukayatsanso amayamba aunika kaye hadi diski, iwe mtima uli m'mwamba. Zinandichitikira katatu, kachitatuko ndinataya sevu, zonse zimene ndinasewera sabata yathunthu, ndiye pano imangokhala pa invetala ngakhale magetsi alipo.

Mapadi ndiwo avutika kwambiri. Labala la pa timitengo toyendetsera linatha pa miyezi inayi chifukwa cha thukuta ndi zala za anyamata a mpira, amene amafinya batani ngati akuthyola chala cha mdani. Imodzi kamwa lake lotchajira linakhwepa, mpaka uike chingwe mopendeka. Ndinagula ina yotchipa yongofanana ndi yeniyeni, sinathe miyezi iwiri. Bizinesi ya mpirayo yabweza mwina mbuzi imodzi ndi theka. Imayenda pa holide ndi nthawi imene anthu agulitsa thonje, kupatula apo ndi yongopezerapo ya ndiwo.

Koma chimene ndabwerera si chimenecho.

Pa madisiki atatu aja panali imodzi imene wogulitsayo anangondiwonjezera poti palibe ankaifuna, The Witcher 3, gemu ya mu 2015 yopangidwa ndi kampani ya ku Poland yotchedwa CD Projekt Red. Ndi ya mtundu umene amati RPG, momwe iwe umakhala munthu wa m'nkhanimo, umasankha zoyankhula, umatola zinthu, umakula mphamvu pang'onopang'ono. Ndinaiyika usiku wina mu Meyi chabe poti mpira unandikwana. Ndinkayembekezera malupanga ndi zilombo, ndipo zilimo zambiri. Chimene sindinayembekezere n'choti Geralt, mwini nkhaniyo, ndi waganyu. Amafika pamudzi, amawerenga zimene anthu akhoma pa bolodi, amapita kwa mwini ntchito, n'kuyamba kunenerera mtengo. Ukakweza kwambiri mwini ntchito amakwiya. Ine amene ndakhala ndikunenerera mtengo wa ganyu wopalira chikhalire ndinaseka ndekha usiku.

Pali malo ena m'dera la madambo lotchedwa Velen, komwe madzi ndi mabango ake amandikumbutsa Elephant Marsh, pomwe sing'anga wina amakana kukuthandiza mpaka umupezere mbuzi yake yosochera. Amakupatsa belu. Munthu wopha zilombo, malupanga awiri kumsana, akuyenda m'thengo kuliza kabelu kuti mbuzi imutsatire, mbuziyo n'kumapatuka kukadya zipatso zakutchire. Tsiku limenelo amalume anali atabwera kudzameta ndipo anakhalira kuonera, ine ndikuwamasulira Chingerezi. Anaonetsetsa kwa kanthawi, kenako anati, "Mphwanga, ameneyu sanawetepo. Mbuzi saitsogolera, amaiyendera kumbuyo." Chimbalangondo chitatulukira iwo sanachilabadire n'komwe, nkhawa yawo inali pa mbuzi.

Skyrim ndinaipeza mu Julaye posinthana ndi disiki ya mpira wakale. Ndi gemu ya mu 2011 imene anaikonzanso kuti ilowe pa PS4 mu 2016, ndipo ukalamba wake umaoneka: nkhope za anthu n'zouma, kumenyana kwake n'kongokhapa, ndipo ukalowa m'nyumba umadikira kuti ilodi. Ukuyenera kukapha zinjoka zouluka. Ine ndinatha masiku angapo pa mudzi woyamba wa Riverwood ndikuwaza nkhuni, poti mwini makina ochekera matabwa amagula chikuni chilichonse ndalama zisanu, osachotsera, osati ubwere mawa. Kenako ndinayamba kusula mipeni. Mwana wa achemwali anga atagwira padi anapha nkhuku ya pamudzipo, mudzi wonse n'kumutulukira ndi zikwanje. Pamenepo ndinati anthu anapanga gemuyi mudzi amaudziwa.

Imene yandidyera nthawi kuposa zonse ndi yaing'ono, yooneka ngati ya ana, Stardew Valley. Mlamu wanga anabwera nayo pa disiki kuchokera ku Johannesburg. Inatuluka mu 2016 ndipo anaipanga munthu mmodzi, Eric Barone, zojambula, nyimbo ndi zonse, kwa zaka zoposa zinayi. Nkhani yake ndi ya munthu amene watopa ndi ntchito ya muofesi n'kupita kukakhala pa munda umene agogo ake anamusiyira. Umaupeza uli tchire, miyala ndi zitsa. Umadzuka 6 koloko, kulambula, kugaula, kudzala, kuthirira phando lililonse ndi kheni, madzi akatha kukatunga padziwe. Mphamvu zimatha, ndipo ukapitirira 2 koloko usiku usanagone umakomoka. Akhwangwala amadya mbewu ukapanda kuika chowopsezera. Nyengo iliyonse ndi masiku 28, ndipo ukadzala mochedwa mbewu zimauma nyengo ikasintha.

Muganizire tsono. Mu Ogasiti ndimadzuka m'bandakucha kupalasa njinga kupita kudimba, kuthirira chimanga, tomato ndi mpiru mpaka dzuwa litakwera, kubwerera kudzatsegula shopu, kumeta mpaka madzulo, ndiye usiku n'kukhala pansi kuthiriranso mbewu za pa TV. Mayi akunyumba anaima pakhomo tsiku lina n'kuonerera, manja m'chiuno. "Bambo, ndiye kuti dimba lija silikukukwanirani? Mawa ndikupatseni langa la mbatata." Yankho ndinalibe.

Ndakhala ndikuliganizira funso lawolo, makamaka pometa, poti kumeta kumapatsa mpata woganiza. Ntchito ya kudimba sindidana nayo. Kuthirira m'mawa dothi likununkhira, madzi akulowa pang'onopang'ono m'bedi, ndi ntchito imene ndimaikonda kuposa kumeta kumene. Chimene chimatopetsa pa ulimi wathu si khasu ayi, ndi kusadziwa. Sudziwa ngati mbozi zibwere, ngati ng'ombe za eni zilowe, ngati mvuu idutse usiku, ngati tomato akapsa pamsika sadzakhala mbwee moti beseni n'kugulitsa mtengo wa sopo. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anandisiyira mchenga wofika m'mawondo pamalo pamene panali dothi labwino, ndipo mbali ina mpaka lero sinabwerere. M'gemu muja mbewu yoyamba imene amakupatsa imacha pa masiku anayi, ndipo ndi anayidi. Ukaika zokolola m'bokosi madzulo, usiku womwewo ndalama zalowa, mtengo wake ndi umene umaudziwa usanadzale. Mtsinje ulipo koma umakhala m'malo mwake. Ndi ntchito yomwe ija, angoichotsa mantha.

Si zonse zimene ndagwirizana nazo. Mu Stardew ukalemera umagula zothirira zokha, kenako mundawo umayenda wokha, ndipo ine pamenepo chidwi chinayamba kuchepa. Ndinayambanso munda wina kuti ndibwerere ku kheni. Kuwedza kwake n'kovuta mopanda chifukwa, kandodo kobiriwira kamene umayenera kukatsatiza pa nsomba kanandikwiyitsa masabata awiri, ndipo msodzi aliyense wa makakana ku Bangula angaseke. Zopatsana mphatso kuti anthu akukonde n'zongowerengera, lero dzira, mawa duwa, mpaka munthu wavomera ukwati wopanda ankhoswe. The Witcher 3 ili ndi malo amene suyenera kuonera ndi ana kapena ndi apongozi, ndipo sichenjeza. Ndinaphunzira kukhala ndi rimoti pafupi. Magemu onsewa ndi a Chingerezi chambiri, ndiye anyamata a mpira aja akaona zolembalemba amangoimirira n'kutuluka. Mmodzi yekha, wa Fomu 3, ndi amene anakhalira, ndipo pano amabwera ndi kope kulemba mawu achilendo.

Intaneti sindinailumikize kupatula kawiri. Magemu a pa disiki amaseweredwa popanda iyo, ndipo zowonjezera zimene makina amafuna kukoka n'zazikulu moti bandulo ya mwezi ingathere pomwepo. Ndi chifukwa chake ndimauza anthu kuti kuno agule makina olowa disiki, poti disiki umabwereka, umasinthanitsa, umagulitsanso.

Pa funso loti makina amene ndimawakonda kwambiri ndi ati, mtima udakali pa PS2, mtundu wakale wa makina omwewa. Inatuluka mu 2000, inagulidwa yoposa 150 miliyoni padziko lonse, ndipo ndi imene ambiri a ife tinaphunzirirapo m'tizipinda ta mavidiyo, kakhadi kosungira magemu ka 8MB kakuyenda m'thumba. Sinkalira, sinkafuna zokoka pa intaneti, inkadya magetsi ochepa. Koma maso akazolowera zithunzi za PS4 kubwerera kumavuta. Nintendo Switch, ya mu 2017, ndinaigwira masiku atatu mlamu uja atabwera, ndipo kunena zoona ndi imene ikuyenera dera ngati lino, poti ili ndi batire ndi sikirini yakeyake, magetsi akazima umangopitiriza uli pamphasa panja. Vuto lake magemu ake sapezeka wamba ndipo palibe wosinthana naye. PS4 ukapita ku Limbe kapena ku Blantyre madisiki akale sasowa, ndipo wokonza amapezeka.

Kodi ndingagulenso? Ngati cholinga ndi bizinesi yokha, mbuzi zinayi zija zikanaswana ndipo zikanaposa. Ngati muli ndi sola, malo odutsa mphepo ndi mnzanu wodziwa kumasula, igulani, koma muitsegule musanalipire muone fani, ndipo muumirire mapadi enieni. Muwerengerenso ndalama ya padi ina pakatha theka la chaka.

Pano mvula yayamba ndipo masiku ena batire silidzaza, ndiye ndikusewera mwa apo ndi apo. Mu Stardew muli dzinja lawo la chipale, lomwe panja sudzala mbewu za masiku onse, ndiye ndimangodyetsa nkhuku ndi kukumba miyala kumgodi. Kunja kuno mapira amera, udzu wamera nawo, ndipo amalume atumiza uthenga kuti Loweruka tikayambe kupalira kwawo. Anawonjezera kuti ndikapite ndi belu lija.