Mabulosi a nthambi zolendewera: zomwe ndaona patatha chaka ndi theka

Mtengo wa mabulosi wa nthambi zolendewera, umene akatswiri a zomera amaulemba kuti Morus alba 'Pendula', ndakhala nawo m'munda wa maluwa kopitirira chaka ndi theka tsopano. Wayoyola masamba, waphukanso, wabereka, ndipo mpeni waulawa. Ndi mtengo wopirira komanso wokongola, koma amene akufuna wongobzala n'kuiwala asautenge.

Wogula adziwiretu kuti akutenga mitengo iwiri pa thunthu limodzi. Thunthu lowongokalo ndi la mabulosi wamba, ndipo pamwamba pake, pamsinkhu wa mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, a kunazale amamezanitsapo nthambi za mtundu wolendewera. Mtundu umenewu paokha sudziwa kuimirira, ukausiya umangoyanga pansi. Unapezeka cha mu 1883 mu nazale ya John C. Teas ku Carthage, m'chigawo cha Missouri ku America, ndipo kuyambira pamenepo ndi manja a anthu amene akuufalitsa. Njere zake mukafesa musayembekeze kuti zikupatsani mtengo wofanana ndi mayi wake.

Pafupifupi zonse zimene ndakumana nazo zikuchokera pa kumezanitsa kumeneku. Tiyambe ndi msinkhu. Mtengo umatalika kunsonga kokha, ndiye thunthu limanenepa chaka ndi chaka koma pamene anamezanitsa sipakwera. Pa wanga, mfundo yomezanitsayo ikadali pomwe inali tsiku lobzala. Chimene chawonjezeka ndi mutu, chifukwa nthambi zatsopano zimayamba zakwera pang'ono kenako n'kukhotera pansi pamwamba pa zakale. Wogulitsa akakuuzani kuti kamtengo kofika m'chiuno kadzatalika kakakula, dziwani kuti kadzangotambalala basi. Msinkhu umene mukufuna muusankhe pogula.

Kenako pali mphukira za thunthu, ndipo apa ndi pamene pali ntchito yosatha. Mabulosi wamba ali pansiwo sanavomere kukhala mzati chabe. Mvula ikangogwa kapena mukathirira bwino, amatulutsa mphukira m'thunthu, m'munsi mwa mfundo ija, ngakhalenso patsinde penipeni. Sizivuta kuzizindikira: zimaloza kumwamba, ndi zonenepa, masamba ake ndi akuluakulu, ndipo zimakula mothamanga kuposa nthambi zolendewerazo. Zikadali zanthete ndimangozithothola ndi chala, osafuna chitsulo. Koma imodzi yokha ikabisala m'kati mwa masamba kwa miyezi ingapo, imabowola mutu wa mtengo n'kutulukira pamwamba, n'kuyamba kulanda chakudya. Mitengo yambiri yotereyi imene mumaiona itasanduka mabulosi wamba inathera pomwepa, mwini wake ataona nthambi yamphamvu n'kuimvera chisoni.

Kunja mtengowu umaoneka ngati ambulera yobiriwira yofika pansi. Mukalowa m'kati ndiye muona zina. Dzuwa silifikamo, choncho timitengo ta m'kati timauma n'kupiringizana, ndipo tizilombo toyamwa utomoni timakonda malo obisika oterowo. Ndimachotsa zouma zonse nthawi iliyonse imene ndaziona. Kutengulira kwenikweni, kodula nthambi zamoyo zikuluzikulu, kumadikira mtengo utayoyola masamba m'nyengo yozizira. Mabulosi ukawadula ali pakati pokula amachucha utomoni woyera kwa nthawi yaitali, ndipo bala limachedwa kupola.

Podulira ndapeza kuti chofunika kwambiri ndi diso, potulukira mphukira, limene mwasiya kumapeto kwa nthambi. Mukadula pamwamba pa diso loyang'ana kunja kapena kumwamba, mphukira yake imayamba yatambasukira kunja isanagwe, ndipo mutu wa mtengo umakula m'mbali. Mukasiya loyang'ana m'kati, nthambi zimakumbatira thunthu, mtengo n'kuoneka wofinyika. Kusiyana kwake ndakuona m'nyengo imodzi yokha. Za kunsi nako, nthambi zikafika pansi siziima, zimapitiriza kukwawa pakapinga, kumadetsedwa ndi matope. Ndimazidula zikatsala masentimita 20 kapena 30 kuti zigunde nthaka. Ena amayezera ndi chingwe kuti zonse zithere mulingo umodzi. Ine sindikonda, mtengo umaoneka ngati wa pulasitiki. Ndimasiya zina zazitaliko, zina zazifupi.

Chikhomo chochirikizira n'chofunika chaka choyamba, popeza mutu umalemera msanga thunthu likadali lowonda ndipo mphepo ikhoza kuupendeketsa. Mangani ndi chinthu chofewa, muzimasula pamene thunthu likunenepa, apo ayi chingwe chimadya khungwa. Mizu ikagwira, chotsani.

Pa madzi sunandivutitse. Miyezi yoyamba unkafuna kuthirira kokhathamira kamodzi pa mlungu, osati kuwaza tsiku ndi tsiku. Tsopano umapirira ng'amba ndithu, ngakhale dzuwa likanyanya masamba ena amachita chikasu n'kugwa. Ndinaphimbira pansi pake ndi zinyalala zowola, mosakhudzitsa thunthu. Feteleza wa nayitirojeni wambiri ngosafunika, amangochulukitsa nthambi zazitali zofewa zimene mudzadulenso nokha. Dzuwa lokha ndiye umalifuna lokwanira.

Nthawi yoyoyola masamba imagawanitsa anthu. Alendo ena ataupeza uli mbulanda anandifunsa ngati wafa. Kwa ine imeneyi ndi nthawi imene umasonyeza luso la amene akuusamala, chifukwa kukhota kwa nthambi iliyonse kumaonekera poyera, zolakwika nazonso sizibisika. M'madera otentha nthawiyi ndi yaifupi, m'madera ozizira kwambiri imatenga miyezi, ndipo mabulosi ndi amodzi mwa mitengo yochedwa kuphuka. Musafulumire kuzula. Palani khungwa pang'ono ndi chikhadabo, mukaona kubiriwira ndiye kuti uli moyo.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi zipatso. 'Pendula' ndi mtengo waukazi, umabereka tizipatso ting'onoting'ono tomwe timada tikapsa. Tikagwa pa simenti kapena pa njerwa zoyala timasiya madontho ovuta kuchotsa, ndipo mbalame zikadya zimakathimbiriritsa zovala zoyanika ndi galimoto. Zimamwazanso njere, moti timbande ta mabulosi wamba ndimatipeza tikumera m'mphepete mwa mpanda. Si nkhani yaing'ono: ku South Africa Morus alba ali pamndandanda wa zomera zobwera zimene zimalowerera zachilengedwe. Amene sakufuna zonsezi amagula mtundu wamphongo wotchedwa 'Chaparral', wolendeweranso koma wosabereka. Nawonso uli ndi mlandu wake, womwe ndi mungu. Maluwa aamuna a mabulosi amaponya mungu mumpweya mwamphamvu zedi, ndipo umavutitsa anthu a mphumu ndi chimfine, mpaka mizinda ina ya ku America, monga Tucson mu 1984 ndi Las Vegas mu 1991, inaletsa kubzala mabulosi otulutsa mungu. Pakhomo pakakhala wodwala mphumu, bola kupirira madontho a zipatso. Mungoubzala pakapinga kapena pakati pa maluwa, kutali ndi podutsa anthu ndi poyanika zovala.

Mizu yake imayenda pafupi ndi pamwamba pa nthaka ndipo imafika patali kuposa mthunzi wake, choncho siyani mamita angapo kuchokera pa khoma, pa mapaipi a madzi ndi pa thanki ya zonyansa. Komabe poyerekeza ndi Salix babylonica, mtengo wina wotchuka wa nthambi zolendewera umene umapitirira mamita 10 ndipo mizu yake imalondola madzi kulikonse kumene ali, mabulosi awa ndi ofatsa. Pamalo aang'ono sindingasinthanitse.

Kutati ndigulenso, ndingagule, koma ndingataye nthawi yambiri ndikuyang'ana mfundo yomezanitsa kuposa masamba. Ikhale yopola bwino, yopanda mng'alu, ndipo nthambi zichokere mbali zonse za thunthu. Mtengo umene wamera nthambi mbali imodzi yokha pamfundopo umatenga zaka kuti udzaze mbali inayo, ngakhale mutadulira mwaluso chotani.