Basi inatifikitsa bwino ku Edinburgh, koma inkatitenga chikondwerero chikungoyamba kukoma

Ulendo wa gulu wa pabasi wochokera ku London kupita ku chikondwerero cha zaluso cha ku Edinburgh ndaupatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha nthawi imene basi inkabwera kudzatitenga madzulo, ndipo nkhani imeneyi ndiifotokoza bwino chifukwa inandiwawa. Za basiyo, adalaivala, mayi amene ankatitsogolera ndi chipinda chogona ndilibe nazo dandaulo.

Ndinalipira kamodzi kukampani yokonza maulendo. M'ndalamazo munali mpando wa m'basi popita ndi pobwera, hotela, chakudya cham'mawa ndi chamadzulo, komanso tikiti ya Royal Edinburgh Military Tattoo, chionetsero cha magulu oimba a asilikali. Chinandikopa kwambiri ndi malo ogona. Amene anayesapo kufuna chipinda ku Edinburgh mu Ogasiti akudziwa kuti mitengo imakwera mochita kuumitsa pakamwa, poti mwezi umodzi womwewo mumachitika Edinburgh International Festival, Fringe (chikondwerero cha zisudzo chimene aliyense angaonetseko), Tattoo ndi chikondwerero cha mabuku. Makampani a mabasi amagwiriratu zipinda zambiri nthawi ikadalipo, ndiye munthu ukalowa m'gulu mtolo umapepuka.

Kuchoka ku London kukafika ku Edinburgh ndi makilomita pafupifupi 650, ndipo pabasi ndi tsiku lathunthu. Liwiro musaliyembekezere. Mabasi akuluakulu a ku Britain ali ndi chipangizo chowaletsa kupitirira makilomita 100 pa ola, ndipo lamulo limati dalaivala akayendetsa maola 4 ndi theka apume mphindi 45. Kamakina kotchedwa tachograph kamalemba zonsezi, moti palibe zonyengerera adalaivala kuti tiyeni tingopitiriza. Ine kupumako ndinakukonda, chifukwa miyendo inkawongoka. Mipando inali yofewa, yopendekera kumbuyo, iliyonse ndi lamba wake komanso potchajira foni, chimbudzi cha m'basi chinali chaukhondo mpaka tinafika, ndipo masutikesi adalaivala ankanyamula okha. Mpando umene wasungitsa ndi wako ulendo wonse. Ngati n'kotheka pemphani wa kudzanja lamanja, chifukwa popita zokongola zili kumeneko. Tikuyandikira Gateshead, mayi wotitsogolera anatidzutsa kuti tione Angel of the North, chiboliboli chachitsulo cha Antony Gormley chimene chinaimikidwa mu 1998, chotalika mamita 20 ndipo mapiko ake ndi otambalala mamita 54. Mukapitirira Berwick-upon-Tweed n'kulowa mu Scotland, msewu wa A1 umatsata gombe, nyanja ikuoneka pazenera.

Ambiri m'gulumo anali achikulire, ena oyendera ndodo. Ndinachita chidwi ndi mmene ankasamalidwira. Panali agogo ena aakazi amene nthawi zonse ankakhala omaliza kubwerera m'basi tikaima, ndipo tsiku lina anabwera akupuma mwawefuwefu, kapu ya tiyi ikutayikira m'manja. Adalaivala anatsika, kuwalandira kapuyo, kuwagwira mkono pamasitepe n'kuwauza kuti, "Agogo, musamathamange, basi iyi sinyamuka inu musanakhale pansi." Kuyambira pamenepo mayi wotitsogolera ankawauza agogowo nthawi yobwerera payekha, mosachititsa manyazi. Zoterezi sizilembedwa m'kabuku kotsatsira ulendo, koma ndi zimene zimapangitsa kuti munthu ulimbe mtima kutumiza kholo lako pa ulendo wotere.

Tsono chikondwererocho. Edinburgh International Festival inayamba mu 1947, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, ndipo okonza ake ankaitana okha oimba ndi azisudzo otchuka. Chaka chomwecho magulu 8 a zisudzo amene sanaitanidwe anangobwera, n'kudzipezera malo m'mbalimbali, n'kumaonetsa masewero awo. Kumeneko ndiye kubadwa kwa Fringe, ndipo mpaka lero mwambo wake sunasinthe: palibe komiti imene imasankha woti aonetse ndi woti asaonetse. Ukapeza chipinda n'kulembetsa, walowa. N'chifukwa chake masiku ano zionetsero zimaposa 3,000 pa masabata atatu, ndipo n'chifukwa chakenso muli zonse, zogwira mtima ndi zosapsa zomwe. Munthu wobwera ndi basi, amene maola ake mumzinda ndi owerengeka, ayenera kudziwiratu zimenezi, chifukwa ola limene wataya pa sewero losakoma silibwerera.

Basi inkatisiya kumunsi ndipo tinkakwera wapansi kupita ku Royal Mile, msewu wakale umene umatsetsereka kuchokera ku linga la Edinburgh Castle mpaka ku nyumba yachifumu ya Palace of Holyroodhouse. Chigawo cha pafupi ndi tchalitchi cha St Giles' chimakhala chodzaza moti sungayende mowongoka. Apa wina ali panjinga ya tayala limodzi akuponya mipeni m'mwamba n'kumaiwakha, apo kwaya ikuimba, uko achinyamata odzipaka penti kumaso akukupatira timapepala toitanira anthu ku masewero awo. Timapepalati musamatikane mwaukali. Kawirikawiri wokupatsaniyo ndi yemweyo amene analemba sewerolo ndipo akhala pansanja ikakwana nthawi, wadzilipirira yekha malo, ndipo akuopa kukasewera pamaso pa mipando yopanda anthu.

Sewero limene sindidzaliiwala ndinalipeza choncho. Mtsikana wina anandiimitsa n'kundiuza mwachidule kuti ndi nkhani ya iye ndi bambo ake amene anayamba kuiwalaiwala. Malo ake anali chipinda chapansi cha mu msewu wa Cowgate, cha makoma amiyala, chonyowa, mipando ya pulasitiki yosakwana n'komwe makumi atatu. Pansanja panali mpando umodzi ndi jekete lachimuna. Akavala jeketelo ankakhala bambo, akalivula ankakhala mwana. Panafika pamene bamboyo akumufunsa mwana wake mwaulemu wonse, ngati mlendo, kuti kodi iye ndi mwana wa ndani, ndipo mwanayo akuyankha akumumanga mabatani a malaya, osakweza mawu. Bambo wina wa m'gulu lathu amene ndinalowa naye anavula magalasi n'kumapukuta maso. Potuluka tinamupeza mtsikanayo pakhomo akuthokoza munthu aliyense payekha. Ola limodzi limeneli linandikwanira kuti ndinene kuti ulendowu sunapite pachabe.

Sizinali zonse zotero ayi. Ndinalowanso kwa wanthabwala wina amene anatha ola lathunthu anthu ali duu, ndipo m'tizipinda tating'ono timeneti kutuluka pakati n'kovuta chifukwa khomo limakhala pafupi ndi nsanja. Chimene chinandithandiza pambuyo pake ndi kufunsa anthu pamzere kuti aonapo chiyani chabwino. Anthu a pamizere ya Fringe amakonda kucheza, ndipo sewero likatchulidwa ndi anthu awiri atatu osadziwana, limakhala labwinodi. Matikiti ambiri amene ndinagula anali a pakati pa £10 ndi £20. Palinso zionetsero zolowa ulere, monga za PBH's Free Fringe, zimene zimachitikira m'zipinda za m'mabala. Kumeneko wosewera amaima pakhomo ndi ndowa pomaliza, ena ndi kamakina ka khadi, ndipo umaponyamo monga mtima wako wakhutira. Musatuluke chimanjamanja ngati mwasangalala, malipiro ake ndi omwewo.

Zionetsero zambiri zimatenga ola limodzi ndipo ukachedwa sakulowetsa. Apa mzindawu umapusitsa. Old Town, chigawo chakale cha mzindawu, inamangidwa pamtunda ndi m'zigwa, misewu ina ili pamwamba pa inzake, moti pamapu a pafoni malo amaoneka ngati ali pomwepa chonsecho ali kunsi kwa mlatho, ndipo uyenera kuzungulira kapena kutsika masitepe ambirimbiri. Cowgate, mwachitsanzo, imadutsa pansi pa South Bridge ndi George IV Bridge. Pakati pa sewero ndi linzake siyani mpata wokwanira, valani nsapato zafulati chifukwa miyala ya m'misewu imaterera kukagwa mvula, ndipo jekete la mvula lisachoke m'chikwama. Akuti ndi nyengo yotentha, koma tsiku limodzi lomwelo kumawala dzuwa, kugwa mvula, kenako kuwomba mphepo yozizira. Kwa achikulire a m'gulu lathu zitunda zimenezi zinali zowawa, ndipo ndikuona kuti kampani inayenera kuwachenjezeratu momveka. Ena ankangotsala ku Princes Street Gardens, kukhala pabenchi pafupi ndi chiboliboli cha David Livingstone ndi chipilala cha Scott Monument, n'kumadikira mfuti ya ku Castle imene imalira 1 koloko masana.

Tattoo inali mbali imene kampani inakonza bwino kwambiri. Chionetserochi chinayamba mu 1950 ndipo chimachitikira pabwalo la kutsogolo kwa Castle, anthu atakhala pamipando yokwera m'mwamba mbali zitatu. Mayi wotitsogolera anatigawira matikiti m'basi, kutiuza khomo lolowera, ndipo anayenda pang'onopang'ono ndi amene miyendo inkawavuta. Mageti a linga atatsegulidwa n'kutuluka asilikali ambirimbiri oimba zitoliro za bagpipe ndi ng'oma, atavala ma kilt, masiketi a amuna a ku Scotland, phokoso lake ndinalimva m'chifuwa. Kunabwera magulu a asilikali oimba ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ovina, zithunzi zowala pamakoma a linga, ndipo chakumapeto woimba chitoliro mmodzi yekha ataima pamwamba pa khoma. Mvula inawaza koma sanasiye, ndipo ambulera salola kutambasula chifukwa imatchinga a kumbuyo. Pamwamba paja pamazizira kwambiri usiku, tengani chofunda. Usiku umenewo basi inatidikira mpaka zonse zitatha.

Ndi usiku wokhawo umene inatidikira, ndipo dandaulo langa lagona pamenepa. Hotela yathu sinali mu Edinburgh. Inali kutsidya kwa Firth of Forth, pamene mtsinje wa Forth umathirira m'nyanja, m'dera la Fife, ulendo wa mphindi pafupifupi 45 msewu ukakhala wabwino. Chipinda chinali chaukhondo, bedi labwino, ogwira ntchito aulemu, ndipo m'mawa uliwonse powoloka tinkaona Forth Bridge, mlatho wofiira wa sitima umene unatsegulidwa mu 1890. Koma popeza chakudya chamadzulo chinali cha kuhotela, basi inkanyamuka mumzinda 5:30 madzulo. Mu Ogasiti dzuwa ku Edinburgh limalowa cha m'ma 9 koloko. Pa 5:30 kunja kumakhala kukadali kowala, mabwalo a Pleasance Courtyard, Bristo Square ndi George Square akungoyamba kudzaza, anthabwala odziwika ndi oimba ambiri asanakwere n'komwe pansanja, makonsati amadzulo a ku Usher Hall asanayambe. Ife n'kumakwera basi, kudutsana ndi anthu amene akulowa kumene mumzinda. Zinali ngati kuchoka paukwati akwati asanalowe muholo.

Pakabuku kotsatsira anangolemba kuti tidzakhala ndi nthawi yomasuka yosangalala ndi chikondwerero. Sanalembe kuti nthawiyo imatha dzuwa likadali m'mwamba, ndipo za dera la hotela anangoti pafupi ndi Edinburgh. Nditawafunsa mayi wotitsogolera, anandiyankha mosabisa. Anati khitchini ya hotela imaphikira gulu lonse nthawi imodzi, adalaivala ali ndi maola awo amene lamulo limalola komanso ayenera kugona mokwanira asanayendetsenso m'mawa, ndipo ambiri m'gulumo pofika 5 koloko amakhala atatopa. Zifukwazo ndi zomveka ndipo mayiwo sindikuwaimba mlandu. Mlandu ndi wa amene analemba kabukuko, chifukwa munthu amene akugula ulendo wa ku chikondwerero cha zaluso ali ndi ufulu wodziwa kuti mbali yamadzulo ya chikondwererocho sadzaiona.

Ine ndi anzanga ena a m'gulumo tinagwirizana zotsalira mumzinda tsiku lina. Tinawauziratu mayi wotitsogolera, poti iwo amawerenga anthu basi isananyamuke ndipo munthu akasowa onse amadikira. Anatilembera nambala ya hotela ndi ya matakisi a kuderako popanda kunyinyirika. Tinaona gulu la ovina lochokera kunja, kenako oimba m'tenti yaikulu ku George Square, n'kukwera sitima pa siteshoni ya Waverley usiku, kuwoloka Forth Bridge yomwe ija, n'kumalizira ndi takisi. Zinatheka bwinobwino ndipo usiku umenewo ndi umene ndinaonadi kuti Edinburgh mu Ogasiti ndi chiyani. Koma ndalama zinatuluka kawiri: chakudya cha kuhotela chimene ndinalipira kale chinapita pachabe, ndinagula china mumzinda, kuwonjezera sitima ndi takisi. Muonenso nthawi ya sitima yomaliza musanagule tikiti ya sewero la usiku kwambiri.

Kanthu kena kakang'ono: mukamalandira chenji ku Scotland adzakupatsani ndalama zamapepala za Bank of Scotland, Royal Bank of Scotland kapena Clydesdale Bank. Ndi mapaundi omwewo, koma masitolo ena ku England amazikayikira, ndiye ndi bwino kuzigwiritsa ntchito musanabwerere.

Amene akufuna kuona Tattoo, kuyenda mu Royal Mile masana, kulowa sewero limodzi kapena awiri n'kukagona msanga wina atawakonzera zonse, ulendowu uwakwanira ndipo sadzadandaula. Kwa makolo achikulire kapena munthu woyenda yekha amene akuopa kusochera, ndi wabwino zedi. Koma ngati chikukutengerani kumeneko ndi zisudzo, nyimbo ndi nthabwala zenizenizo, musanapereke ndalama imbani foni mufunse dzina la tawuni imene kuli hotela, ndiponso ola limene basi imanyamuka mumzinda tsiku lililonse. Akati hotela ili kutali, funsani ngati ili pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo pemphani mtengo wa chipinda ndi chakudya cham'mawa chokha, chamadzulo achichotse.