Spevigo pa psoriasis ya mafinya: amailetsa msanga, koma dokotala ayambe watsimikiza matendawo

Generalized pustular psoriasis, yomwe madokotala amangoti GPP, ndi nthenda ya pakhungu yosiyana kwambiri ndi psoriasis ija ya zigamba zouma za mamba m'zigongono ndi m'maondo. Iyi imabuka mwadzidzidzi. Khungu limatupa, kutentha ndi kuwawa, ndipo pakangopita maola ochepa pamatuluka timatuza ta mafinya tambirimbiri, timene timaphatikizana n'kusanduka zigamba zikuluzikulu pamimba, pamsana, m'khwapa ndi m'ntchafu. Munthu amatentha thupi, kunjenjemera, kufooka mpaka kulephera kudzuka. Khungu likayamba kusupuka amataya madzi ndi mapuloteni, majeremusi amapeza polowera, ndipo impso kapena mtima zikhoza kugonja. Ndi matenda ogonekedwa nawo m'chipatala, ndipo amapha.

Spevigo, dzina la mankhwala ake spesolimab, anapangidwa ndi kampani ya Boehringer Ingelheim, ndipo ndi mankhwala oyamba omwe bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza makamaka chifukwa cha GPP, mu September 2022. Maganizo athu ndi akuti pa munthu amene GPP yake yatsimikizika ndipo yabuka mwamphamvu, awa ndi mankhwala abwino kwambiri, oyenera kuganiziridwa poyamba ngati alipo. Koma si onse amene amapola nawo, ndipo umboni wake ukuchokera kwa odwala ochepa.

Chofunika kumvetsa n'chakuti mafinya a GPP alibe majeremusi. Ndi maselo oyera a m'magazi, otchedwa neutrophil, omwe akhamukira pakhungu popanda mdani woti alimbane naye. Chimawaitana ndi puloteni ya chitetezo cha m'thupi yotchedwa interleukin-36, imene pa odwalawa imalira ngati belu lomwe lakana kuzima. Ena mwa iwo anabadwa ndi vuto pa jini ya IL36RN, yomwe ntchito yake ndi kupanga choletsa belulo. Spesolimab amakamata pamalo pomwe interleukin-36 imalumikizira ku selo, uthenga n'kulephera kudutsa. N'chifukwa chake mankhwala opha majeremusi paokha sachotsa timatuzati, pamene awa amatiumitsa.

Matenda akabuka, mlingo ndi 900 mg kamodzi, kudzera mu diripi, kwa mphindi 90. Mankhwalawa amabwera m'timabotolo ta 450 mg mu 7.5 mL, choncho pafunika tiwiri. Namwino amatenga thumba la 100 mL la madzi a mchere a 0.9%, amachotsamo 15 mL n'kutaya, kenako n'kuthiramo 15 mL ya mankhwala pang'onopang'ono. Thumba alitembenuze mofatsa, asalikhutchumule, chifukwa awa ndi mapuloteni ndipo amawonongeka akachita thovu. Paipi ya diripi ikhale ndi sefa ya 0.2 micron, ndipo musadutse mankhwala ena nthawi yomweyo. Wodwala akayamba kuyabwa kapena kumva kutentha nkhope, diripi ikhoza kuchepetsedwa liwiro kapena kuimitsidwa kaye, koma nthawi yonse, kuphatikizapo yopumirayo, isapitirire mphindi 180. Akayamba kubanika, kutupa milomo kapena kutsika kuthamanga kwa magazi, diripi itsekedwe basi, osayambiranso. Ngati timatuza tikadalipo sabata ikatha, amaloledwa kulandira 900 mg inanso kamodzi.

Ziwerengero zake zikuchokera ku kafukufuku wa Effisayil 1, wofalitsidwa mu 2021. Munali odwala 53. Mwa 35 omwe analandira spesolimab, 19 analibe thuza la mafinya ngakhale limodzi sabata itatha. Mwa 18 omwe anaikidwa diripi yopanda mankhwala, zinatero pa mmodzi yekha. Kusiyanaku n'kwakukulu, ndipo aliyense amene waonapo munthu wa GPP akulephera ngakhale kufunda nsalu chifukwa cha ululu amadziwa tanthauzo la sabata imodzi. Koma werengani bwino: anthu 16 mwa 35 aja anali adakali ndi timatuza pa tsiku lachisanu ndi chitatu. Abale auzidwe zimenezi diripi isanayambe, kuti mlingo wachiwiri usawadzidzimutse ngati kuti mankhwala alephera. Adziwenso kuti mafinya ndiwo amayamba kuuma. Kutupa, kuda kapena kufiira kwa khungu ndi kusupuka kumatenga masabata angapo. Odwala 53 ndi ochepa, inde, koma GPP ndi yosowa kwambiri moti kusonkhanitsa anthu pa nthawi yeniyeni imene yabuka n'kovuta.

Pomwe zinthu zimalakwika kawirikawiri ndi pa dzina la matenda. Pali vuto lina lotchedwa AGEP, lomwe limaoneka chimodzimodzi ndi maso: timatuza tating'ono tambiri, kutentha thupi. Koma ilo limayamba patangopita masiku ochepa munthu atayamba mankhwala atsopano, makamaka opha majeremusi, ndipo limatha lokha m'masabata awiri mankhwalawo akasiyidwa. Kumupatsa Spevigo munthu wotere ndi kuwononga mankhwala odula ndi kumuika pachiswe popanda chifukwa. Dokotala afunse mankhwala onse omwe wodwala wamwa, apime mafinya ndi magazi kuti aone ngati mulibe majeremusi, ndipo ngati n'kotheka adule kachidutswa ka khungu kukapima. Palinso mtundu wa timatuza ta m'manja ndi m'mapazi mokha, palmoplantar pustulosis. Dzina likufanana, koma Spevigo sanavomerezedwe pa mtundu umenewu.

Popeza mankhwalawa amafooketsa mbali ina ya chitetezo, matenda opatsirana ndiwo choyamba kuyang'anira. Mu kafukufuku uja, sabata yoyamba anthu 17 pa 100 alionse a spesolimab anagwidwa ndi matenda ena a majeremusi, poyerekeza ndi 6 pa 100 a gulu linalo. Ambiri anali ang'onoang'ono monga a m'chikhodzodzo ndi chimfine. Wodwala apimidwe TB asanayambe. Amene ali ndi TB yomwe yadzuka sapatsidwa, ndipo amene ili chigonere dokotala aganizire zomuyambitsa mankhwala a TB. Katemera wa tizilombo tamoyo, monga wa chikuku kapena wa yellow fever, asabayidwe nthawi imene akulandira mankhwalawa mpaka patadutsa masabata 16 atasiya. Zina zomwe zimaoneka ndi kutopa, nseru, mutu, kuyabwa ndi kubiriwira pomwe panalowa singano. Anthu awiri mu kafukufukuyo anaonetsa zizindikiro za DRESS, vuto lomwe thupi limakana mankhwala mochedwa: zidzolo zatsopano, kutupa nkhope, kutentha thupi, chiwindi kusokonekera. Choopsa chake n'chakuti zikhoza kuoneka ngati GPP yabwereranso, munthu n'kupatsidwanso mankhwala omwe akumupweteka. Dzanzi kapena kufooka kwa miyendo kukayamba, wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Mbali imene ife timaiona yamtengo wapatali koposa ndi jakisoni wa pansi pa khungu woteteza kuti matenda asabuke, yemwe FDA inavomereza mu March 2024 kwa akuluakulu ndi ana a zaka 12 kupita m'tsogolo olemera makilogalamu 40 kapena kuposa. Amayamba ndi 600 mg, yomwe ndi masirinji anayi a 150 mg obayidwa ndi wachipatala, kenako 300 mg masabata anayi alionse. Amene wangolandira kumene diripi safunika 600 mg ija. Amayamba 300 mg patapita masabata anayi. Mu kafukufuku wa Effisayil 2, wa odwala 123 kwa masabata 48, mlingo umenewu unachepetsa mwayi woti matenda abukenso ndi 84 pa 100 alionse: anabuka pa anthu 3 mwa 30, pamene kwa osalandira mankhwala anabuka pa 16 mwa 31.

Wodwala akaphunzitsidwa akhoza kumadzibaya yekha. Masirinji asungidwe mu firiji pakati pa 2 ndi 8 °C, m'katoni yake kuti asaombedwe ndi kuwala, ndipo yomwe yauma ndi ayezi itayidwe ngakhale itasungunuka. Atulutse sirinji mu firiji mphindi 15 mpaka 30 asanabaye, itenthe yokha, osaiika padzuwa kapena m'madzi ofunda. Abaye pantchafu kapena pamimba motalikirana ndi mchombo, sirinji yachiwiri pamalo ena, osati pakhungu la bala, la mamba kapena lolimba. Ngati mlingo uli m'masirinji awiri a 150 mg, onse abayidwe motsatizana. Kubaya imodzi n'kusunga inayo kuti mankhwala achedwe kutha ndi kulandira theka la mlingo, ndipo mu kafukufukuyo milingo yocheperapo sinateteze mofanana.

Mankhwala akale sanathe ntchito. Ciclosporin amagwira msanga ndithu koma amalemetsa impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Acitretin amathandiza ambiri, koma amapundula mwana m'mimba, moti mayi sayenera kutenga pakati mpaka zaka 3 atasiya. Methotrexate amachedwa ndipo amafuna kupima chiwindi pafupipafupi. Infliximab nayenso wakhala akugwiritsidwa ntchito matenda akabuka. Spevigo amaposa onsewa pa kulunjika chenicheni choyambitsa, koma ndi wodula kwambiri, amafuna firiji yodalirika, ndipo sanafike m'mayiko ambiri. Pa amayi oyembekezera, omwe GPP imatha kuwabukira miyezi yomaliza, chisankho chikhale cha dokotala wa khungu pamodzi ndi wa azimayi.

Ndipo diripi ya spesolimab siilowa m'malo mwa chisamaliro china. Wodwala amafunikabe madzi okwanira, mankhwala a ululu, mafuta ofewetsa khungu, kupimidwa calcium, impso ndi chiwindi, komanso kufufuza chomwe chaputa matenda. Chofala kwambiri ndi kusiya mwadzidzidzi mankhwala a steroid monga prednisolone. Amene akumwa mapiritsi amenewa asawadule tsiku limodzi chifukwa choti Spevigo wafika. Mlingo wake utsitsidwe pang'onopang'ono dokotala akuyang'anira.