Kinosaki kapena Kurokawa: usiku umodzi wa mu ryokan ukauthere kuti?

Amene mwasunga ndalama yoti mukagone kamodzi mu ryokan, nyumba ya alendo yachikale ya ku Japan yokhala ndi madzi otentha a m'kasupe, mudzamva mayina atatu akubwerabwera: Hakone, Kinosaki ndi Kurokawa. Za Hakone ndinena pang'ono kumapetoku. Mpikisano weniweni uli pa awiri enawo, ndipo amasiyana pa chinthu chimodzi chachikulu, komwe bafa lili.

Zipinda n'zofanana konseko. Nsapato zimatsala pakhomo, mumagona pansi, pa matiresi otchedwa futon oyalidwa pa mphasa za tatami, amakupatsani chovala cha yukata, ndipo mtengo amawerengera pa munthu, osati pa chipinda, kuphatikiza chakudya chamadzulo ndi cham'mawa. Pamwamba pake pali kamsonkho kosambira, kawirikawiri 150 yen pa munthu usiku umodzi. Chakudya chamadzulo chimayamba cha m'ma 6 kapena 7 koloko, ndipo wofika mochedwa chimamuphonya ngakhale analipira.

Kinosaki ili m'chigawo cha Hyogo, pafupi ndi nyanja ya kumpoto. Sitima ya JR imachoka ku Kyoto n'kukutulani pakhomo penipeni pa tawuniyo pakatha maola awiri ndi theka. Kumeneko ryokan ndi yogonamo ndi kudyeramo, kusamba kuli panja. Tawuniyo imadziwika ndi mabafa 7 a aliyense otchedwa sotoyu (limodzi, Satono-yu, analitseka mu 2024 kuti alimangenso), ndipo mlendo wogona mu ryokan amalandira chiphaso cholowera onsewo osalipiranso. Ndiye madzulo anthu onse amatuluka atavala yukata, nsapato zamatabwa zili gogogo m'mbali mwa mtsinje wa Otani, kuchoka ku Ichino-yu, lomwe lili ndi bafa la m'phanga, kupita ku Goshono-yu kapena ku Kouno-yu, komwe nthano imati dokowe wovulala mwendo ndiye anaulula kasupeyo.

Sizinangochitika zokha kuti zikhale choncho. Chivomezi cha 1925 chinagwetsa ndi kutentha pafupifupi tawuni yonse. Poimanganso, ryokan ina inafuna kukokera madzi m'nyumba mwake, anthu anakana poopa kuti mabafa a onse afa, ndipo mlandu unakhala m'khoti zaka zoposa 20 mpaka anagwirizana mu 1950. Mpaka lero madzi amagawidwa kuchokera pamalo amodzi ndipo mabafa a m'nyumba za alendo saloledwa kukula mopitirira muyeso. Choncho mukalipira ryokan yodula ku Kinosaki, musadabwe kupeza bafa lake lili laling'ono. Ndalama yanu yapita ku mbale.

Mbaleyo ndi nkhanu. Nyengo yogwira nkhanu za matsuba imatsegulidwa pa 6 Novembala n'kutsekedwa mu Malichi, ndipo mitengo ya zipinda imakwera nayo limodzi. Ngati nkhanu sizikukhudzani, pitani mu Meyi kapena Okutobala, mukadye nyama ya ng'ombe za Tajima pa mtengo wofatsa.

Vuto la Kinosaki ndi lomwelo limene limaikometsa. Aliyense akupita ku mabafa omwewo nthawi imodzimodzi, ndiye Loweruka madzulo m'nyengo yozizira mumasamba phewa ndi phewa. Madzi ake ndi amtundu umodzi, amchere pang'ono, moti bafa lachinayi limasiyana ndi loyamba pa kamangidwe chabe.

Kurokawa ili pa chilumba cha Kyushu, m'chigawo cha Kumamoto, m'mapiri a kumpoto kwa phiri la Aso. Sitima sifikako. Mumakwera basi ku Fukuoka, pafupifupi maola atatu, kapena ya pakati pa Kumamoto ndi Beppu, ndipo mabasiwo ndi owerengeka pa tsiku, ofunika kugula tikiti pasadakhale. Kuli ma ryokan pafupifupi 30, ndipo kuno zinthu n'zotembenuka: pafupifupi iliyonse ili ndi bafa lakelake lapanja, rotenburo, ndipo mabafawo ndiwo akokera anthu kumudziko. Lina lili m'mphepete mwa mtsinje pansi pa mitengo, monga la ku Yamamizuki. La ku Shinmeikan ndi phanga limene mwini wake, Goto Tetsuya, anakumba yekha ndi manja kwa zaka zambiri. Madzi nawonso amasiyana nyumba ndi nyumba, ena a fungo la sulufule, ena ofiirira ndi chitsulo.

Kuti mlendo asathere pa bafa limodzi, eni ma ryokan anayambitsa mu 1986 chiphaso chamtengo wa mkungudza, nyuto tegata, chimene chimakulowetsani m'mabafa atatu a nyumba zina zimene mungasankhe. Ichi mumagula padera, sichibwera ndi chipinda ngati cha ku Kinosaki. Ndipo nyumba zina zabwino kwambiri zili kunja kwa mudzi, kofunika galimoto kapena kupempha kuti adzakutengeni.

Kukada, Kurokawa imagona. Mashopu amatseka msanga, tinjira take n'totsetsereka, ndipo kupatula nyali zansungwi zimene amapachika pamwamba pa mtsinje m'miyezi yozizira, palibe chokutulutsani panja. Pa tebulo pamabwera nsomba za m'mitsinje, ng'ombe yofiira ya ku Aso, ndiponso basashi, nyama ya hatchi yaiwisi. Ambiri a ife imeneyi sitingaiyandikire, choncho nenani pobukitsa, osati mbale itafika kale.

Kwa ine, pa nkhani ya madzi paokha Kurokawa yapambana, ndipo patali. Koma funso linali la usiku umodzi. Mukachotsa ulendo wa basi kupita ndi kubwera, n'kukumbukira kuti chipinda amatsegula 3 koloko masana n'kukutulutsani 10 koloko m'mawa, nthawi yotsala siikwana mabafa atatu aja popanda kuthamanga, ndipo kuthamanga m'madzi a madigiri 41 kumagwetsa munthu chizungulire. Usiku umodzi, opanda galimoto, ulendo woyamba: Kinosaki. Mausiku awiri, makamaka ngati muli kale ku Kyushu: Kurokawa.

Amene muli ndi tattoo, Kinosaki yakuthandizani kale, chifukwa mabafa ake onse a sotoyu amalola. Ku Kurokawa nyumba iliyonse ili ndi lamulo lake, funsani musanalipire.

Tsono nkhani ya manyazi. Kusamba pagulu si chachilendo kwa munthu amene anaona Mawira ku Nkhotakota, koma ku Japan mumavula zonse, osatsala kabudula kapena chitenje, mumayamba mwasamba ndi sopo pampando pambali, ndipo kathawulo sikakhudza madzi a m'dziwe. Amuna amalowa pakhomo lopachikidwa nsalu yabuluu, amayi pa la nsalu yofiira. Ndi anthu osawadziwa zimatheka. Chovuta ndi pamene mwayenda ndi bambo anu kapena apongozi, ndipo nonse muli mbali imodzi ya nsaluyo. Apa Kinosaki imapereka pothawira, popeza wina akhoza kulowera ku Jizo-yu wina ku Yanagi-yu. Ku Kurokawa nyumba zambiri zili ndi kashikiri, bafa lotsekera lomwe banja limabwereka kwa kanthawi.

Hakone ndi ya munthu amene ali ku Tokyo ndipo alibe tsiku lotaya: sitima ya Romancecar yochokera ku Shinjuku imafika ku Hakone-Yumoto pasanathe ola ndi theka, ndipo zipinda zokhala ndi bafa lakelake pakhonde n'zambiri kumeneko. Koma malowo ndi omwazikana m'mapiri, kulibe msewu umodzi woyendamo ndi yukata usiku, ndipo chipinda chotere mumachilipira mowawa.